Khadi la M'bokosi Lachitatu

Lolemba, 3 Malichi 1975

Wina akumagwira mabokosi anga.

Ndalemba pano kuti mawa ndisadzinamize kuti ndimalota. Mabokosi asanu a nsapato aja, pa shelefu kuseri kwa desiki langa. Muli makhadi anga onse a zaka khumi ndi ziwiri, chilichonse chimene ndinakopera ndi dzanja langa chokhudza mlakatuli Hipolit Zawieja. Ine khadi ndikawerenga ndimalibwezera chopendekeka, n'chizolowezi changa kuyambira ndili wophunzira. Lero m'bokosi lachitatu ndapeza makhadi ngati makumi awiri ataima chilili, atasanjidwa bwinobwino. Si dzanja langa limenelo.

Kwatsala masiku 17. Pa 20 ndikaima pamaso pa bwalo la mapulofesa kuteteza buku langa, kenaka iwo n'kuvota mwachinsinsi. Ndikadutsa ndine dosenti, mphunzitsi wokhazikika wa pa yunivesite, mpando wanga palibenso wougwedeza. Ndikagwa, zaka zimene lamulo limapatsa dokotala wa zamaphunziro ngati ine kuti akhale pa ntchitoyi zikutha mu Juni, ndipo ku ofesi anandiuza kale mosapsatira mawu kuti ndikafune sekondale. Ine Celina Drozdek, zaka 43, kukayamba kulondera ana pa buleki! Bola kufa.

Makiyi a chipinda 14 alipo atatu. Anga, a Zenon Kulesza amene timayang'anizana naye madesiki, ndi ena opachika pakhoma kwa mayi Wiesia, sekilitale wathu. Ine sindingadzibere ndekha. Atsala anthu awiri.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndemanga za owunika atatu zafika. Awiri ayamikira. Mmodzi mwa iwo ndi Madala, Pulofesa Garbacz mphunzitsi wanga, ndiye amenewo sakanachitira mwina. Wachitatu ndi Pulofesa Szeliga a ku likulu, masamba khumi ndi limodzi, onsewo akuluma pamalo amodzi.

Nkhani ndi yomwe ija. Ndakatulo khumi ndi ziwiri zimene zinatuluka m'kanyuzipepala kakumudzi mu 1931 zopanda dzina. Ine ndikuti ndi za Zawieja, buku langa lonse laima pamenepo. A Szeliga akhala akunena zaka makumi atatu kuti analemba ndi wansembe wina. Kayendedwe ka mizere kali kumbali yanga, mawu amene Zawieja yekha ankawakonda ali kumbali yanga, koma pepala lonena kuti "ndinalemba ndine" ndilibe. Zolemba zake zinapsa pankhondo. Inatsala ndi sutikesi imodzi ya makalata opita kwa mkazi wake Aniela, amene ndinawakopera pa makhadi mu 1963 nditakhala m'khitchini mwa mayiwo miyezi itatu. Mayiwo anamwalira, sutikesi inapita kunja ndi wachibale, ndi pomwe inathera.

A Szeliga alemba kuti: "Mayi Drozdek ali ndi khutu labwino, koma khutu si umboni." Ndawerenga kasanu, kukuwawabe.

Madala anandipeza pa masitepe n'kundigwira pachigongono. "Mwana wanga, Szeliga n'ngouwa chabe, mano anagululuka kale. Pita ukadye." Zaka 71, akamakwera masitepe kupuma kwawo kumamveka pansi, koma mtima ndiye alinawo.

Chondisowetsa mtendere chili patsamba 7. A Szeliga akuti m'makalata a 1931 mulibe liwu ngakhale limodzi lonena za ndakatulozo. N'zoona, koma adziwa bwanji? M'bukumo sindinanene choncho. Ndipo makhadi a 1931 amakhala m'bokosi lachitatu.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapanikiza tsitsi langa limodzi pa chivundikiro cha bokosi. La imvi, kuti lizioneka. Imvi nazo zapeza ntchito.

Lachinayi, 6 Malichi

Tsitsi lili pansi.

Zenon (ndizingomulemba Z.) anafika 9 koloko akununkhira sopo wakunja. "Mwadzuka bwanji a Dosenti athu a mawa?" Ndinati ndadzuka, za udosentizo tidikire kaye. Iye n'kuseka kuonetsa mano onse.

Tiyeni tinene mosabisa. Zaka 36, ndi wa chipani cholamula, akapita ku likulu amadya ndi akuluakulu, buku lake lili m'njira, ndipo mpando wa dosenti m'dipatimenti muno watsala umodzi. Ine ndikagwa pa 20, olira alipo, koma iye sakhala nawo.

Ndinamufunsa ngati anabwereranso kuno dzulo masana ine nditachoka. "Ine? Ndinali pamzere wa malalanje, mayi Celina. Maola awiri, n'kuthera pa munthu wa patsogolo panga, tangoganizani!" Yankho linatuluka msanga kwambiri. Munthu wosalakwa amayamba waganiza kaye kuti dzulo anali kuti.

Lachisanu, 7 Malichi

M'tiramu, kasitima ka m'tauni, ndinaganizako za apolisi achinsinsi aja a majekete achikopa, amene amalowa paliponse popanda makiyi. Koma afuna chiyani kwa mlakatuli amene anafa nkhondo isanayambe, wolemba za mvula ndi zitsime? Komanso iwowo sasanja zinthu, amasiya zili mbwee kuti udziwe kuti anafika. Wanga uyu ndi waudongo. Ndi munthu wodziwa kugwira khadi.

Loweruka, 8 Malichi

Tsiku la amayi. Anatiunjika m'chipinda cha misonkhano, aliyense duwa lofiira limodzi lofota ndi masokosi aatali a saizi imene sikwana munthu aliyense wamoyo. Wogawa ndani? Z., inde. Anapsompsona dzanja la mayi aliyense mpaka la amayi olandira makhoti pakhomo. Pa ine anachedwerapo. "Dzanja ili lalemba zambiri, mayi Celina, zina sitinazionebe." Zimenezi zikutanthauza chiyani? Duwa lake ndinalisiya pawindo.

Kenaka ndinakapeza mayi Wiesia akutsuka matambula. Ndinawafunsa mwakachetechete kuti makiyi a 14 amatenga ndani. Sanatembenuke n'komwe.

"Ine makiyi ndimapachika, a Dokotala, sindiwalondera. Mukufuna ndiziwagonera?"

"Ndangofunsa."

"Nanenso ndangoyankha. Tengani keke, yatsala."

Makutu awo anafiira. Zaka khumi ndi zisanu ndawadziwa, akamanama amapukuta tambula imodzi kawiri. Lero anaipukuta katatu. Akudziwa. Z. amawabweretsera khofi weniweni akachoka ku likulu, ndinaona kapaketi m'dirowa mwawo.

Lamulungu, 9 Malichi

Ndinamuuza Leszek tikudya msuzi wa nkhuku. Mwamuna wanga ndi wa magetsi ku depoti ya matiramu, kwa iye waya akakhala ndi vuto umangomudula.

"Nyamula mabokosi akowo ubwere nawo kuno, nkhani yatha."

"Ndiye wakubayo ndimudziwa bwanji?"

"Akuba chiyani iwe? Chasowa n'chiyani?"

"Palibe chasowa. Amawerenga."

Anaika supuni pansi n'kuyamba kuseka mpaka kutsokomola. "Koma abale! Zaka zonsezi ukudandaula kuti palibe amawerenga zolemba zako, wapezeka mmodzi, ukufuna kumumangitsa!"

Sindinaseke. Ataona nkhope yanga anasiya. Anati ku depoti kunali wina ankamwa tiyi wa anzake m'mafulasiki, iwo anangothira mchere m'fulasiki imodzi n'kudikira amene alavule. Ankangocheza, iye waiwala kale. Ine ndatsuka mbale zonse ndikuganiza za mchere.

Lolemba, 10 Malichi

Ndachita.

Z. anali m'kalasi kuyambira 10 mpaka 12. Ndinakhoma chitseko. Pansi pa bokosi lachisanu panali makhadi osalemba otsala a 1963, achikasu ndi ukalamba. Inki ndinaithira timadontho ta madzi kuti ioneke yofwifwa. Pamwamba ndinalemba monga pa anzake onse: H.Z. kwa Aniela, 14 Novembala 1931. Pansi pake:

"Khumi ndi ziwiri zija zatuluka. Ndinawapempha kuti asaike dzina, chifukwa bambo akanaziona akanadziwa kuti ndikunena za chitsime chathu ndi za Staszek. Zisiye ziyende zamasiye. Mwina zikafika patali kuposa zokhala ndi mwini."

Staszek ndi mng'ono wake amene anagwera m'chitsime ali mwana, zimenezo n'zoona. Zina zonsezo n'zanga. Kalata imeneyi kulibe, sinalembedwepo.

Msampha wake ndi wosavuta. Khadi ili palibe munthu padziko amene akulidziwa. Amene adzatchule kalata ya pa 14 Novembala, kaya pakamwa kaya papepala, ndiye wakubayo, ndipo ndidzamufunsa pagulu kuti anaiona kuti. Z. sangapirire. Athamangira nayo kwa a Szeliga kukawachenjeza, kapena aisunga kuti adzasindikize yekha ine nditagwa.

Chimodzi chokha chandiopsa. Sindinafufute liwu ngakhale limodzi. Inatuluka yonse mwakamodzi, ngati kuti inakhala m'dzanja langa zaka khumi ndi ziwiri ikudikira. Nditaiwerenga misozi inalengeza, chonsecho ndikudziwa kuti ndi bodza langa lomwe. Ndimafunitsitsa ikanakhalapo.

Ndaliika pakati pa makhadi a Novembala, chopendekeka.

Lachiwiri, 11 Malichi

Palibe. Tsiku lonse kuwerenga za pa 20, m'mutu simukulowa kanthu.

Lachitatu, 12 Malichi

Ladyedwa! Khadi laima chilili, ndipo pakona lapindika pang'ono ngati munthu analigwira nthawi yaitali. Ndalichotsa, lili m'chikwama changa. Z. anakhala tsiku lonse akulemba malikisi a ophunzira, akuimba kamluzu. Imba bambo, imba.

Lachisanu, 14 Malichi

Anthu ayamba kundimwetulira, ndipo sindikukondwa nazo. Mkulu wa laibulale, amene chaka chonse sandiyankha moni, wanditsegulira chitseko. Pulofesa wa Chilatini wandikwezera chipewa pabwalo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Masana ku kantini Z. anabwera ndi mbale yake ya kabichi n'kukhala pa tebulo langa osaitanidwa. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka chapansipansi: "Ndamva kuti a Szeliga mwawasungira chibonga kuseri kwa chitseko. Inu ndinu oopsa, mayi Celina. Novembala 1931, eti?"

Foloko inandigwa. Wadziulula yekha, pakamwa pake pomwe, ali ndi kabichi m'mano! Ndinangoti sindikudziwa zimene akunena. Iye n'kutsinzinira diso limodzi. Manyazi alibe n'pang'ono pomwe.

Ndikanamugwira pomwepo koma panali ophunzira. Lolemba, m'chipinda mwathu, chitseko chotseka.

Lolemba, 17 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

Ndinatseka chitseko n'kumuuza zonse zimene ndakhala ndikusunga. Ndinamutcha wakuba, kazitape wa a Szeliga, ndinatchulanso za khofi wa mayi Wiesia. Z. anayamba kuseka, kenaka anasiya, nkhope inayera.

"Mayi Celina, ine mabokosi anuwo sindinawakhudzepo. Zawieja wanuyo amandigonetsa tulo, pepani kunena. Za kalatazo anandiuza ndi a Pulofesa Garbacz, Lachinayi, pomwe timavala makhoti. Auza theka la fakote, aliyense akumuuza kuti asauze munthu."

"Bodza. Munawauza ndinu."

"Kafunseni. Ndipo za ukazitapezo mudzandipepese mukadzapeza nthawi." Anatenga chikwama n'kutuluka, chitseko anatseka mwaulemu, zomwe zinandipweteka kuposa akanachimenyetsa.

Sindinamukhulupirire. Ndinapita kwa mayi Wiesia n'kuwauza kuti sindichoka mpaka anene. Anayang'ana chitseko cha Madala, anali asanafike.

"A Dokotala, musandiike m'mavuto. Amabwera 7 koloko m'mawa, oyeretsa asanamalize. Amatenga makiyi, amakhalamo ola limodzi, amabweza."

"Kuyambira liti?"

"Ine ndinawapeza akutero."

Zaka khumi ndi zisanu! Ndinakhala pampando wa alendo osaitanidwa. Munthu amene anandiphunzitsa kulemba khadi loyamba, amene anandiperekeza pa maliro a mayi anga. Ndinayamba kukumbukira nkhani zawo zonse za m'magazini, chaka ndi chaka, kufunafuna mawu anga. Masana onse ndinali m'laibulale ndikuzitsegula imodziimodzi. Sindinapezemo kanthu kanga. Ndiye amafunamo chiyani?

Nanga tsamba 7 la a Szeliga? Mwina nkhalambayo inangoganiza yokha: kalata ikanakhalapo ndikanaiika m'buku. Mwana aliyense akanaganiza choncho. Kapena ayi. Sindikudziwanso amene ndikumukayikira.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndinagogoda kwa Madala 11 koloko, mawu nditakonza: a Pulofesa, khadi lija ndi labodza, musalitchulenso. Mawu ochepa chabe.

Anatsegula okha, m'katimo munali alendo awiri a m'bwalo akumwa tiyi. Atandiona anatuluka n'kukoka chitseko kumbuyo kwawo.

"Iwe, ukufuna chiyani kuno? Woyesedwa saoneka pakhomo la woweruza sabata ya bwalo, ukufuna anene kuti tapangana?"

"A Pulofesa, pali chinthu chimodzi chokha…"

"Ssss! Palibe chinthu. Ndikudziwa zonse." Nkhope yawo inali kuwala ngati ya mwana amene wabisa switi. Anandisisita patsaya. "Wochenjera iwe. Pita ukagone, Lachinayi uvale zakuda."

Ndikanatha kuwagwira mkono. Ndikanatha kunena mokweza, alendowo amve. Koma ndikananena kuti khadi ndi labodza, ndiye kuti ndanenanso kuti ndikudziwa kuti amalowa m'chipinda changa ngati mbala, ndipo ndinawatchera msampha. Awa ndiwo voti yanga yoyamba, ndiwo amene ena amayang'ana asanalembe papepala. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinati zikomo a Pulofesa, n'kutsika masitepe.

Madzulo ndinaima pa foni ya pakona ndi kandalama m'manja. Sindinaimbe. Pa foni sulankhula zinthu zotere, ndinadziuza choncho. Zoona zake ndinachita mantha.

Lachitatu, 19 Malichi

Mwina Madala sakatchula za kalatayo m'bwalo. Akatchula ndikangoti a Pulofesa asokoneza ndi kalata ina. Ndasita siketi. Leszek akuti ndikuoneka ngati ndikupita kukaikidwa m'manda.

Lachisanu, 21 Malichi, m'mawa

Ndadutsa. 22 ovomera, 2 okana. Dzulo sindinathe kugwira cholembera.

Tebulo lalitali la nsalu yobiriwira, mapulofesa 24, ine ndekha kumapeto ndi tambula ya madzi. Ola loyamba linayenda bwino. Kenaka a Szeliga anaimirira. Ndinali ndisanawaonepo pafupi: kamunthu kakang'ono, kowonda, jekete lotha m'zigongono, mawu ofatsa. Sanauwe ayi. Anandifunsa mafunso atatu, lililonse lolunjika, ndipo pomaliza anati, "Mayi, ndikanakonda kukukhulupirirani. Ndipatseni pepala limodzi lokha." Ndinayankha za kayendedwe ka mizere. Ndinaona mitu iwiri itatu ikupukusidwa. Ndinadziwa kuti ndikutsetsereka.

Pamenepo Madala anadzuka, atagwira m'mphepete mwa tebulo. "A Dokotala Drozdek ndi odzichepetsa mopitirira muyeso. Ine ndakalamba, kudikira sindingathe. A Dokotala, tauzani bwalo za kalata ya pa 14 Novembala 1931."

Ndinamva madzi akuyenda m'mapaipi otenthetsa chipinda. Theka la anthuwo linali likumwetulira kale, limadikira zimenezi. Ndinaganiza zonse mwakamodzi. Ndikati kulibe, Madala asanduka chitsiru pamaso pa mdani wawo, ndipo makhadi anga onse a 1963 asanduka mapepala a munthu wopeka makalata. Sutikesi ili kunja, palibe angatsimikize kanthu, kaya zoona kaya zabodza.

Pakamwa panga panatseguka. Ndinainena yonse pamtima, liwu ndi liwu, mpaka "zokhala ndi mwini." Mawu anga sananjenjemere n'komwe, ndi chimene chikundinyansa kwambiri.

Madala ankapukuta m'maso ndi mpango. A Szeliga anakhala pansi pang'onopang'ono. Anangofunsa kuti bwanji sinalowe m'buku. Ndinati khadilo linagwera kuseri kwa shelefu, ndalipeza buku litasindikizidwa kale. Bodza lachiwiri linabwera lokha, losaitanidwa.

Ku chakudya chamadzulo, nsomba zamchere ndi vodika, aliyense kundipsompsona dzanja. Madala anandikokera pambali, atalawako kale. Ndinawafunsa basi, kuti bwanji amawerenga makhadi anga. Anadabwa kuti ndikufunsa. "Mphunzitsi wanga ankawerenga anga, wake ankawerenga ake. Mwana ndingamutchinjirize bwanji osadziwa zimene zili m'thumba mwake? Iwe sunena kanthu, umangobisa. Nditaliona khadi lija ndinalira, Celina. Tsopano ndingafe bwino."

Sanabe kanthu. Zaka zonsezi amangondilondera. Ndinapita kuchimbudzi n'kusanza.

Sizinathe. Mapepala apita ku komiti ya ku likulu kuti ikatsimikize, miyezi itatu kapena inayi, ndipo a Szeliga amakhala nawo m'komitiyo. Mayi Wiesia akuti m'bwalo a Szeliga anavotera ine, anaona polemba. Leszek wagula maluwa enieni. Sindinamuuze. Ndikuchita manyazi moti ndikulephera kumuyang'ana.

Lachisanu lomwelo, masana

A Szeliga anagogoda pa 14 cha m'ma 11, chipewa chili m'manja, kasutikesi ka ulendo pambali. Z. anaimirira n'kutuluka osandiyang'ana.

Anakhala pampando wa ophunzira, wolimba uja. "Mayi Dosenti, zaka makumi atatu ndakhala ndikuphunzitsa ana zabodza. Si chinthu chopepuka kwa munthu wa msinkhu wanga, koma ndilemba m'magazini yathu kuti ndinalakwa, ndi dzina langa pansi. Ndikupempha chimodzi. Mundilole ndikopere kalatayo."

Anatulutsa khadi losalemba m'chikwama cha m'thumba, lofanana ndi anga, n'kutsegula cholembera. Ndinatulutsa langa.

"Werengani pang'onopang'ono, dzanja langa silithamanganso."

Ndinawerenga. Iwo kulemba, timalemba ting'onoting'ono taudongo, tsiku pamwamba, dzina la Aniela, zonse m'malo mwake. Ndinkaona bodza langa likusamuka kuchoka m'bokosi langa kulowa m'lawo. Kuchoka apo lilowa m'magazini, kenaka m'mabuku a sukulu, ndipo palibe adzalitulutsemo.

Atafika pa "ziyende zamasiye" anaima. Anavula magalasi. "Ndi iyeyo," anatero chapansipansi. "Palibe wina akanalemba chonchi. Ine khutu ndilibe, mayi, ndi chimene chinandisocheretsa."

Apo ndiye sindinathenso.

"A Pulofesa, kalatayi kulibe. Ndinalemba ndine, pa desiki lino, pa 10 Malichi. Ndimafuna kugwira munthu amene amawerenga makhadi anga."

Anayang'ana khadi langa, anayang'ana lawo, anayang'ana mabokosi asanu pa shelefu nthawi yaitali.

"A Garbacz akudziwa?"

"Ayi."

"Nanga ena a 1963 aja?"

"Enawo ndi enieni. Onse."

"Ndidziwa bwanji?"

Anadikira yankho langa ndithu, mwaulemu, ngati mmene amadikirira wophunzira pa mayeso. Kenaka anatseka cholembera, anavala magalasi, anaimirira.

"Sitima yanga inyamuka 2 koloko."

Ndinayang'anitsitsa manja awo. Khadi lawo, lolembedwa theka, sanaling'ambe. Analiuzira kuti inki iume, n'kuliika m'thumba la m'kati mwa jekete.